Basi ya ku Cairo: mmene udani wa Egypt ndi Algeria unapsera

Mkangano unayambira pa benchi ya tiyi kuseri kwa msika wa pa boma ku Mangochi, titamva kuti Egypt ndi Algeria onse apeza malo ku mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa 2026. Mnyamata wina wa kabaza, atavala jezi ya Salah yosuluka ndi dzuwa, anati matimu awiriwa atakumana sangalimbane. "Awatu ndi pachibale, Aluya okhaokha, kupemphera kumodzi. Angogawana mapointi basi." Mkulu wina wogulitsa chambo anatula kapu yake pansi n'kumufunsa kuti, "Iwe mwana, mu 2009 unali kuti?" Mnyamatayo anati, "Ndinali sitandade 1, madala." Onse akuluakulu pa benchipo anaseka, ndipo ine ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti pali m'badwo wonse umene sudziwa kuti mpira unachititsapo dziko la Egypt kuyitanitsa kazembe wake kuchoka ku Algiers.

Ife a kuno nkhaniyi tili ndi gawo lathu laling'ono, chifukwa matimu onse awiriwa Maflames anawagwetsa m'nyengo yomweyo. Egypt tinaichinya 1-0 pa Kamuzu Stadium mu Juni 2008, chigoli cha Chiukepo Msowoya masewero akupita kumapeto, pomwe iwo anali akatswiri a Africa. Za Algeria ndifikapo.

Mnyamata uja sananame kwenikweni. Chibalecho chinalipo, ndipo chinali cha magazi. Pamene anthu a ku Algeria anayamba nkhondo yothamangitsa Afalansa mu Novembala 1954, uthenga wawo unkaulutsidwa pa wayilesi ya ku Cairo, ndipo mtsogoleri wa Egypt, Gamal Abdel Nasser, ankawathandiza ndi zida. Algeria italandira ufulu mu 1962, nayo inabweza mkono mu 1973 potumiza asilikali ndi ndege kukathandiza Egypt pa nkhondo yake ndi Israel. Ubale unayamba kuzirala Anwar Sadat, amene analowa m'malo mwa Nasser, atagwirizana ndi Israel ku Camp David mu 1978. Olemba ena amati udani wa pa mpira unabadwira pamenepo. Ine sindikhutira nazo kwenikweni, chifukwa mayiko ambiri a Aluya anakwiya ndi Sadat koma sanagendane mabasi. Chimene ndimaona n'chakuti aliyense mwa awiriwa ali ndi chinthu chimene mnzake amachisirira. Egypt ndi mwini chikho cha Africa, anachitenga ka 7, kuyambira 1957. Koma pa bwalo la dziko lonse, ngakhale inali timu yoyamba ya mu Africa kusewerako mu 1934, ilibe chokamba. Algeria ndi imene inachinya West Germany 2-1 mu 1982 ku Gijón, zigoli za Rabah Madjer ndi Lakhdar Belloumi. Wina ndi mfumu pamudzi, wina ndi wodziwika kutauni.

Dzina la Belloumi likumbukireni. Mu 1989 matimu awiriwa anakumana m'ndime yomaliza yolimbirana malo opita ku Italy. Ku Constantine analepherana 0-0, ndipo ku Cairo pa 17 Novembala Hossam Hassan anagoletsa chigoli chimodzi chomwe chinatengera Egypt ku chikho cha dziko lonse patatha zaka 56. Masewero atatha kunabuka ndewu, ndipo ku hotela dokotala wa timu ya Egypt anavulazidwa diso ndi botolo mpaka disolo linafa. Khoti la ku Cairo linati wolakwa ndi Belloumi, n'kumugamula zaka 5 iye kulibe. Belloumi wakhala akukana mpaka lero, ndipo anzake ena a m'timumo ananena kuti botolo linachokera m'manja mwa munthu wina. Khotilo silinamve mbali yake. Chomwe chilipo n'chakuti munthu amene anali wosewera wopambana mu Africa mu 1981 anakhala zaka pafupifupi 20 akuopa kudutsa malire chifukwa bungwe la apolisi la mayiko onse, Interpol, linkamufuna, ndipo dokotala uja anakhala ndi diso limodzi. Chikalata chomusakacho anachifafaniza mu 2009, anthu n'kumati mlandu watha.

Zaka za pakatipo zilibe zambiri. Algeria inatenga chikho cha Africa pakhomo mu 1990, Egypt itatumizako timu yachiwiri, kenaka dziko la Algeria linalowa m'nkhondo yapachiweniweni ndipo mpira wawo unagwa.

Tsoka ilo, chaka chomwe anakhululukirana za Belloumi, matimu awiriwa anapezeka m'gulu limodzi polimbirana ulendo wa ku chikho cha dziko lonse cha 2010 ku South Africa, pamodzi ndi Rwanda komanso aneba athu a Zambia. Chipolopolo ndi imene inayamba kusokoneza zinthu, inakafanana mphamvu ndi Egypt 1-1 ku Cairo komweko. Kenaka mu Juni, ku Blida, Algeria ya mphunzitsi Rabah Saadane inathambitsa Egypt ya mphunzitsi Hassan Shehata 3-1. Pofika masewero omaliza masamu anali osavuta: Egypt ikapambana ndi zigoli zitatu yadutsa, ikapambana ndi ziwiri afanana pa chilichonse ndipo akakumananso ku dziko lina, china chilichonse Algeria yapita.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, pa Lachinayi la pa 12 Novembala 2009. Timu ya Algeria inatera pa bwalo la ndege la Cairo madzulo, ndipo hotela yawo inali pafupi, ulendo wa mphindi zochepa. Pa mtunda waufupi umenewo gulu la anyamata linagenda basi yawo ndi miyala. Magalasi anasweka. Osewera anafika pa hotela magazi ali chuchuchu, Rafik Halliche ndi Khaled Lemmouchia atatemeka m'mutu, Rafik Saïfi atavulala mkono. Ena mwa osewerawo anajambula ndi mafoni awo ali m'kati mwa basi, ndipo m'mawa mwake zithunzizo zinali paliponse, ngakhale ife amene tinkaonera nkhani pa kanema wa m'mashoo kutsidya kwa mlatho tinaziona.

Kugenda basi si zachilendo, ngakhale kuno kwathu masapota anachitapo zimenezi. Chomwe chinasonkhezera moto ndi zomwe zinanenedwa pambuyo pake. Nyuzipepala ndi mawayilesi a kanema ambiri a ku Egypt, kuphatikizapo a boma, anati palibe amene anagenda basi, osewera a Algeria anaswa okha magalasi ali m'kati pofuna kuti masewero asamutsidwe ku Cairo. Dalaivala wa basiyo naye anaikira umboni mbali imeneyo. Koma nthumwi ya FIFA imene inali komweko, Walter Gagg, inauza atolankhani kuti inaona mabala a osewerawo ndi maso ake ndipo sanali ongopeka. Tsono tiyeze. Mbali imodzi kuli dalaivala ndi atolankhani a dziko limene likufuna chigoli, mbali inayo kuli mlendo wopanda timu, zithunzi, ndi mitu yosokedwa. Kuti nkhani ya ku Cairo ikhale yoona, ndiye kuti wosewera wotchinga kumbuyo anadzitema yekha mutu kutatsala masiku awiri kuti akadumphire mipira ya m'mwamba pa masewero aakulu a moyo wake. Aliyense amene anamenyapo mpira ndi mutu pa mchenga wa ku Makawa ayankhe yekha. Patapita miyezi 6, mu Meyi 2010, FIFA inalipiritsa bungwe la mpira la Egypt ndalama za ku Switzerland zokwana mafranki 100,000, n'kulamula kuti masewero awo awiri a pakhomo a ndime yachipulula yotsatira akaseweredwe pa mtunda wosachepera makilomita 100 kuchokera ku Cairo. Chigamulo chinabwera mochedwa, zinthu zitaonongeka kale.

FIFA sinaimitse masewerowo. Loweruka pa 14 Novembala, Halliche ndi Lemmouchia analowa m'bwalo atamanga mabandeji m'mutu. Mphindi ziwiri zisanathe bwino Amr Zaki wa Egypt anali atagoletsa kale. Algeria inatseka pakhomo, inapirira mphindi 90 zonse, ndipo pa mphindi ya 95, oyimbira atatsala pang'ono kuliza wezulo yomaliza, Emad Moteab anadumpha n'kumenya ndi mutu, 2-0. Mapointi 13 aliyense, zigoli zomwetsa 9 aliyense, zomwetsedwa 4 aliyense. Kumapeto a sabata omwewo ife tinali ndi chimwemwe chathu, Maflames atapeza malo opita ku chikho cha Africa ku Angola ngakhale anagonja kwa Burkina Faso, kotero za ku Cairo ambiri tinazimva mochedwerapo.

Pano ndisakondere, chifukwa a ku Algeria nawo anali ndi bodza lawo. Nyuzipepala ina ya ku Algiers inalemba kuti masapota awo aphedwa ku Cairo ndipo mitembo ikubwera. Kazembe wawo yemwe anatsutsa, koma mphekesera inali itathamanga kale. Magulu a anthu anaphwanya maofesi a EgyptAir ndi a Djezzy, kampani ya mafoni imene nthawiyo inali m'manja mwa Orascom ya ku Egypt, ndipo Aigupto ogwira ntchito kumeneko, amene sanagende basi ya munthu, anathawa m'nyumba zawo.

Malo a masewero achitatu anasankhidwa mwa maere. Algeria inkafuna Tunisia, Egypt inkafuna Sudan, ndipo maere anagwera Sudan. Aigupto ankaona ngati akupita kwa mlamu. Koma boma la Abdelaziz Bouteflika linakonza ndege zonyamula masapota zikwizikwi kupita ku Khartoum pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo amene anakwera ndegezo anali anyamata a m'makwalala, opsa mtima ndi zithunzi za mabandeji zija. Ku mbali ya Egypt kunapita anthu a zisudzo, oyimba, akuluakulu a chipani cholamula, ndi ana awiri a pulezidenti, Alaa ndi Gamal Mubarak. Lachitatu pa 18 Novembala, pa bwalo la Al-Merrikh ku Omdurman, goloboyi woyamba wa Algeria, Lounès Gaouaoui, anali pa chilango cha makhadi, ndipo pagolo panaima Faouzi Chaouchi, amene usiku umenewo anagwira chilichonse. Pa mphindi ya 40 Karim Ziani anakweza mpira m'bokosi, Antar Yahia, wotchinga kumbuyo, anaumenya usanagwe pansi ali pakona yothina, ndipo goloboyi wa Egypt, Essam El-Hadary, anangoumva ukudutsa. Zinathera pomwepo, 1-0. Algeria inabwerera ku chikho cha dziko lonse patatha zaka 24.

Tsopano inali nthawi ya Cairo kudandaula za mabasi. Mawayilesi a kanema kumeneko anadzaza ndi anthu oyimba foni akulira kuti masapota a Algeria akuwathamangitsa ndi mipeni m'misewu ya Khartoum. Alaa Mubarak, munthu amene sankalankhula pagulu, naye anaimba foni pa kanema kunyoza a ku Algeria. Mabasi ena anagendedwadi, ndipo anthu ena anavulala. Koma apolisi a Sudan anati ovulalawo anali ochepa ndipo mabala anali aang'ono, ndipo boma la Sudan linakwiya ndi mmene nkhaniyo inkakokomezedwera mpaka linaitanitsa kazembe wa Egypt kuti afotokoze. Apanso mboni yopanda timu sinagwirizane ndi Cairo. Egypt inaitanitsa kazembe wake ku Algiers, anthu anakalimbana ndi apolisi pafupi ndi ofesi ya kazembe wa Algeria ku Zamalek, dera la mumzinda wa Cairo, ndipo Muammar Gaddafi wa ku Libya, mwa anthu onse, ndi amene anadzipereka kuti akhale mkhalapakati.

Atolankhani ambiri amene analemba pambuyo pake amati maboma onse awiri anapindula ndi phokosoli. Hosni Mubarak anali atalamula zaka 28 ndipo mphekesera inali yoti akukonzera mpando mwana wake Gamal. Bouteflika anali atangosintha malamulo kuti aimenso kachitatu. Umboni woti wina anakonza chiwembu palibe amene anautulutsa, koma n'zoonekeratu kuti palibe mtsogoleri amene anathamangira kuzimitsa. Miyezi 15 itadutsa, gulu la anthu linadzazanso misewu ya Cairo ndi mbendera zomwezo, ulendo uno kukachotsa Mubarak.

Gawo lathu lija ndi ili. Pa 11 Januwale 2010, ku Luanda, Algeria yomweyi, ngwazi za ku Omdurman, inakumana ndi Maflames a Kinnah Phiri. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda, 3-0, pagolo pali Chaouchi yemwe uja. Ndinaonera m'shoo ya malata yodzaza mpaka pakhomo, thukuta lili kamukamu, ndipo titamva kuti Saadane akudandaula za kutentha kwa masana, anthu a ku Mangochi tinaseka kwambiri kuposa wina aliyense. Mkulu wa chambo uja mpaka lero amati ngongole ya 1984, pomwe Algeria inatichinya 3-0 ulendo wathu woyamba ku chikho cha Africa, inabwezedwa tsiku limenelo ndendende.

Ife tinatuluka m'gulu momwemo, Algeria inapitirira, n'kukakumananso ndi Egypt mu semifainolo ku Benguela pa 28 Januwale. Egypt inabwezera 4-0. Oyimbira, Coffi Codjia wa ku Benin, anatulutsa osewera atatu a Algeria, Halliche, Nadir Belhadj ndi Chaouchi, ndipo timuyo inamaliza ndi anthu 8. Egypt inatenga chikho kachitatu motsatizana, koma ku South Africa inaonera pa kanema ngati ife. Algeria inapitako n'kubwerako osamwetsa chigoli ndi chimodzi chomwe.

Mu Julayi 2019 Algeria inanyamula chikho cha Africa itachinya Senegal 1-0, pa bwalo lomwe lija la ku Cairo pamene Halliche anasewera atamanga mutu, ndipo iye anali m'gulu la osewera amene anavala mendulo usiku umenewo. Ndinamuuza zimenezi mnyamata wa kabaza pa benchi yomweyo, m'mawa wotsatira mkangano wathu uja. Anandifunsa ngati Salah anasewera nawo ku Omdurman, ndinati ayi, nthawi imeneyo anali mnyamata wa zaka 17. "Ndiye n'chifukwa chake anagonja, madala," anatero, n'kupalasa njinga kulowera ku mlatho.