Kujambula nkhungu ndi utoto wamadzi: chithunzi cha pafoni chisakulamuleni

Ophunzira ambiri amabwera kwa ine ndi foni yodzaza zithunzi za phiri la Mulanje, za nyanja ku Nkhata Bay kapena za mapiri a ku Dedza. Amasankhapo chimodzi, n'kuchitsamiritsa pambali pa pepala, kenako n'kuyamba kukopera mtengo uliwonse ndi mwala uliwonse. Akamaliza, chinthu chilichonse chimakhala pamalo pake, koma chojambulacho chimaoneka chouma gwa. Phiri lakutali ndi mtengo wapafupi zimachita kukanganirana malo. Chimene chasowapo ndi mpweya.

Pakati pa diso lanu ndi phiri pali mpweya wa makilomita ambiri, ndipo mumpweyamo muli nthunzi yamadzi, fumbi ndi utsi. Tinthu timeneti timamwaza kuwala, choncho chinthu chikamatalikira chimatuwa, mtundu wake umapendekera ku buluu, ndipo m'mphepete mwake mumaleka kuthwa. Leonardo da Vinci, katswiri wojambula wa ku Italy, analemba za zimenezi zaka zoposa 500 zapitazo, ndipo mpaka lero ndiwo maziko a ntchito yojambula malo. Kwathu kuno mpweyawu umasintha kwambiri ndi nyengo. Mu October, tchire likamapsa ndipo fumbi lili kobo, mapiri amangotsala mizere yotuwa mofiirira, dzuwa n'kumalowa lili psuu lisanafike n'komwe pamzere wa dziko. Mvula ikagwa mpweya umatsukika, phiri lomwelo n'kuoneka pafupi, mikwasa ndi matanthwe ake onse poyera. M'miyezi ya June ndi July, ku Thyolo ndi ku Mulanje kumabwera chiperoni, chimene chimameza minda ya tiyi mzere ndi mzere. Malo ndi amodzi, koma zojambula n'zitatu zosiyana kotheratu.

Tsono kamera ya foni siisamala zimenezi. Diso lake limaona motambasula kwambiri, motero zakutali zimachepa: phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002 limatuluka pachithunzi ngati chulu. Kamera siithanso kusunga kuwala kwambiri ndi mdima nthawi imodzi monga limachitira diso. Mwina mithunzi ida bii, mwina thambo liyera mbee. Mafoni amakono amayesa kukonza vutoli paokha, ndiye amanola m'mphepete mwa zinthu ndi kukometsa mitundu, n'kuchotsa nkhungu yomweyo imene inakuchititsani kuima panjira. Ine chithunzi ndimachifunsa zinthu zochepa: mzere wa phiri ukuyenda bwanji, bwato lapindika motani, denga la nkhokwe lapendekera kuti. Za kuwala ndi mtundu sindichikhulupirira.

Njira imene ndimaphunzitsa ndi iyi. Yang'anani chithunzicho, ndipo pakapepala kosaposa chikhatho jambulani ndi pensulo zigawo zikuluzikulu zokha, mogwiritsa ntchito milingo itatu: poyera, potuwa, pakuda. Osajambula masamba. Kambirimbiri thambo ndilo limayera kuposa zonse, zakutali zimatuwa, ndipo pakuda kwenikweni pamakhala pang'ono, chapafupi ndi woonayo. Mukakhutira ndi kapepalako, vundikirani foniyo. Chojambula chachikulu chichokere pakapepala ndi m'mutu mwanu. Ambiri zimawaopsa, amati aiwala zofunika. Zimene mumaiwalazo nthawi zambiri ndi zomwe sizinali zofunika.

Kukumbukira nako kumaphunziridwa. James McNeill Whistler, amene anajambula mtsinje wa Thames, ku London, usiku m'zaka za m'ma 1870, ankaima m'mbali mwa mtsinjewo n'kuyang'anitsitsa, kenako ankafulatira n'kumatchula zimene waona, mnzake akumuwongolera pamene walakwitsa. Kujambula kwenikweni ankakachitira kunyumba. Zake zinali za utoto wamafuta, koma chizolowezicho chimathandiza aliyense. J. M. W. Turner, katswiri wa utoto wamadzi wa ku England, anajambula chojambula chotchedwa The Blue Rigi mu 1842 ali kwawo, kuchokera pa tizojambula timene anatenga ku Switzerland chaka cham'mbuyo mwake. Phiri la Rigi pamenepo ndi mthunzi wa buluu woyandama pamwamba pa nyanja ya Lucerne mbandakucha, lopanda mitengo yowerengeka. Inunso mukaima pagombe m'mawa, asodzi a usipa akubwerera, musathamangire foni. Dzifunseni kuti poyera kwambiri ndi pati, madzi ndi thambo chakuda kuposa chinzake n'chiti, mzere wolekanitsa ziwirizi ukuoneka kapena wasungunuka. Lembani mayankhowo m'kabuku ndi mawu chabe. Mizere itatu ya mawu otere imandithandiza kuposa zithunzi makumi awiri.

Tibwere pa pepala, chifukwa nkhungu imapangidwa ndi madzi osati ndi burashi. Utoto wamadzi ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi utomoni wa mtengo wina wa mthethe, umene wambiri umachokera ku Sudan. Ndi utoto woonekera mkati, choncho kuyera kwa chojambula chanu ndi pepala lenilenilo. Mukalidetsa, kulibwezera n'kovuta. N'chifukwa chake timayamba ndi zoyera kupita ku zakuda, zakutali kubwera ku zapafupi. Pepala labwino ndi la thonje, lolemera magalamu 300 pa sikweya mita, monga la kampani ya Arches kapena ya Fabriano. Ndi lodula ndiponso losowa, ndikudziwa. Koma ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani pepala, utoto ukhale wotchipa. Pepala la thonje limasunga chinyezi nthawi yaitali ndiponso mofanana ponseponse, ndipo nthawi imeneyo ndiyo mukuigula.

Nyowetsani pepala ndi madzi oyera, kenako lipendeketseni kukuwala muone mmene likunyezimira. Likamanyezimira kwambiri, utoto umathamanga ponseponse: imeneyo ndi nthawi ya thambo. Kunyezimira kukayamba kuzirala, utoto umafalikira pang'ono n'kuima wokha, m'mphepete mwake muli mofewa: apa ndi pamene mumaika mapiri akutali ndi mitengo ya mu nkhungu, ndipo utoto wa paburashi ukhale wolimbirako kuposa chinyezi cha papepala. Kunyezimira kukatheratu koma pepala likadali lozizira mukaligusa ndi kunja kwa chala, chotsani manja. Imeneyi ndi mphindi yoopsa. Burashi yonyowa ikakhudza pamenepo, madzi atsopano amakankha utoto umene unayamba kukhazikika, n'kusiya banga la m'mphepete mokwinyika limene silichoka. Dikirani pepala liume ndithu, kenako bwerani ndi zapafupi zimene zikufunika m'mphepete mwakuthwa. Kumbukiraninso kuti utoto wamadzi ukauma umayererako kusiyana ndi mmene umaonekera uli wonyowa, choncho thambo limene likuoneka lokwanira lili lonyowa kawirikawiri limadzatuluka lofooka.

Mitundu sifunika yambiri. Wabuluu wotchedwa ultramarine wosakaniza ndi wofiirira wotchedwa burnt sienna amapereka kutuwa kwa mitundu yonse, kozizira mukachulukitsa buluu, kofunda mukachulukitsa wofiirirayo. Onjezani raw sienna (wachikasu mofiirira) wa thambo la chilimwe ndi udzu wouma, ndi kofiira pang'ono ka m'bandakucha, basi mwakwana. Wakuda wa m'chubu ndimaletsa pa zakutali, ndipo wobiriwira wogula kale ndimamukayikira: pa phiri lakutali amalikokera kutsogolo nthawi yomweyo.

Nanga zongopeka m'mutu? Zimaloledwa, ndipo ndi pamene ntchitoyi imakoma. Chotsani mzati wa magetsi, sunthani mlambe upite pamene ukufunika, tengani thambo la tsiku lina muliike pamwamba pa dambo la tsiku lina. Koma malo opeka amamverabe malamulo a malo enieni. Kuwala kuchokere mbali imodzi, mithunzi yonse igwere kumodzi. Nkhungu ya m'mawa imagona m'zigwa, motero phiri limada kunsonga n'kumayera potsika. Jambulani nsonga, tsukani burashi, ndipo ndi madzi okha kokerani utotowo pansi mpaka uzimiririke. Mzere wa mapiri uliwonse wobwera kutsogolo ude pang'ono kuposa wa kumbuyo kwake. Ndipo malo akuthwa, pamene poyera kwambiri pakumana ndi pakuda kwambiri, akhale amodzi okha, chifukwa diso la woona limathamangira pamenepo. Munthu mmodzi wopalasa bwato amakwanira. Mukaika asanu, nkhungu ija yatha ntchito.

Zithunzi zokopera zikhale zanu, kapena pemphani chilolezo kwa mwini wake, makamaka ngati chojambulacho mudzagulitsa.

Chomaliza ndi nyengo ya m'chipinda chimene mukugwiriramo ntchito. Mabuku ambiri a utoto wamadzi analembedwa m'maiko ozizira, kumene pepala limachedwa kuuma. Ku Salima kapena ku Nsanje mu October, pepala limauma musanamalize kusakaniza utoto. Sakanizani mitundu yonse musananyowetse pepala, ndipo ikhale yambiri kuposa mmene mukuganizira. Nyowetsani pepala mbali zonse ziwiri n'kuligoneka pagalasi kapena pathabwa losamwa madzi, kuti chinyezi cha kunsi chizilidyetsa. Zimitsani fani, gwirani ntchito m'mamawa. M'dzinja vuto limatembenuka: pepala limakhala lonyowa nthawi yaitali, ndipo mapepala osungidwa pachinyezi amachita nguwi, choncho asungeni m'pulasitiki yotseka bwino, kutali ndi khoma.