Musanagule mavitamini a methylation, yezetsani kaye chimene chikukupwetekani

Pali mawu amene ndatopa kuwamva m'chipinda chopimira odwala, ndipo amachokera kwa ophunzira ndi osaphunzira omwe: "Adokotala, akuti thupi langa silichita bwino methylation, n'chifukwa chake ululu sukutha." Wonena zimenezi kawirikawiri amakhala atanyamula thumba la mabotolo, ndipo nthawi zina amakhalanso ndi pepala la zotsatira za chibadwa limene kampani ina ya pa intaneti inamutumizira atapereka malovu ake. Ndikafunsa kuti ndani wapima mapazi ake, ndani wamuyendetsa kuti aone mmene akupondera, ndani wayeza shuga ndi vitamini B12 m'magazi ake, yankho limakhala lakuti palibe.

Sindikukana kuti methylation ilipo. Thupi limatenga kagulu kakang'ono kotchedwa methyl, ka atomu imodzi ya kaboni ndi atatu a haidrojeni, n'kukamata pa DNA, pa mapuloteni ndi pa mankhwala otumiza mauthenga muubongo. Chimene chimapereka kaguluka ndi mankhwala a m'thupi otchedwa SAM, amene Giulio Cantoni anaifotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. SAM ikapereka methyl imasanduka homocysteine, ndipo pamafunika folate (vitamini B9) ndi vitamini B12 kuti homocysteine abwerere kukhala methionine, amene thupi limapangira SAM, ntchitoyo iyambirenso. Njira ina yomuchotsera imadalira vitamini B6. Zimenezi zikuchitika m'maselo anu pamene mukuwerenga, kaya mukudwala kaya ayi. Alipo matenda osowa kwambiri obadwa nawo amene amaononga njira imeneyi, koma kawirikawiri amaonekera munthu ali mwana, ndi khunyu kapena kuchedwa kukula, osati ndi msana umene wayamba kupweteka ali ndi zaka 45.

Malonda onsewa atsamira pa jini (kachidutswa ka chibadwa) imodzi yotchedwa MTHFR, imene imathandiza thupi kugwiritsa ntchito folate. Mu 1995 ofufuza anafotokoza kusiyana kwina kwa jini imeneyi, kotchedwa C677T, ndipo n'zoona kuti mwa munthu amene watengera kusiyanaku kwa bambo ndi mayi omwe, enzyme yake, puloteni imene jiniyi imapangitsa, imagwira ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ikayesedwa mu labotale. Chimene ogulitsa sakuuzani n'chakuti anthu mamiliyoni ambiri ali nako ndipo amakalamba osadziwa. N'kofala ku Mexico ndi kum'mwera kwa Italy, pomwe mwa anthu a makolo a ku Africa n'kosowa. Munthu wotere akamapeza folate wokwanira, homocysteine wake sasiyana kwenikweni ndi wa anzake. N'chifukwa chake mu 2013 bungwe la American College of Medical Genetics and Genomics linalangiza madokotala kuti asiye kuyeza jini imeneyi pofufuza chimene chikuundanitsa magazi kapena chimene chikuchititsa kuti mimba zizichoka. Ngati kuyezaku sikuthandiza pa matenda amene kwa zaka zambiri ankaganiziridwa kuti jiniyi imawayambitsa, kungathandize bwanji pa bondo lopweteka?

Bodza limene limandikwiyitsa koposa ndi lakuti folic acid, folate wopangidwa m'fakitale, ndi poizoni kwa anthu a jini imeneyi, ndipo ayenera kumusiya n'kumagula mtundu wina wa folate wotchedwa methylfolate. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America lanena momveka bwino kuti anthu amenewa amatha kugwiritsa ntchito folic acid wamba, ndi kuti mayi aliyense amene angathe kutenga pakati azimwa mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse. Kafukufuku wa Medical Research Council ya ku Britain wa mu 1991 anasonyeza kuti folic acid anachepetsa ndi 72 peresenti kubadwa kwa ana opunduka msana ndi ubongo mwa amayi amene anaberekapo kale mwana wotero. Methylfolate alibe umboni wonga umenewu, choncho wouza mayi kuti asiye folic acid akusewera ndi mwana amene sanabadwe. Ngakhale kutsitsa homocysteine kumene kunakhumudwitsa ofufuza amene ankayembekezera kuti kuchepetsa matenda a mtima: m'kafukufuku wa HOPE-2 ndi wa NORVIT, onse a mu 2006, mavitamini a B anatsitsadi nambala ya homocysteine m'magazi, koma matenda a mtima sanachepe.

Kugwirizana kwenikweni pakati pa methylation ndi ululu kulipo, ndipo dzina lake ndi kuchepa kwa vitamini B12. Pano ndiyenera kunena za mayi ena achikulire amene nkhani yawo imandisautsabe. Anakhala akumwa metformin kwa zaka zambiri chifukwa cha matenda a shuga, kenako anayamba kumva kutentha ndi kubayabaya kuphazi, ndipo dzanzi linakwera pang'onopang'ono mpaka m'akakolo. Munthu wina wodzitcha katswiri wa machiritso achilengedwe anawauza kuti methylation yawo yafooka ndipo thupi ladzaza poizoni, n'kuwagulitsa mabotolo angapo. Nditawerenga zolembedwa pa mabotolowo ndinapeza kuti folic acid anali wambiri, B6 anali pafupifupi m'botolo lililonse, pomwe B12 anali wochepa zedi kwa thupi limene linali kulephera kale kumuyamwa. Ululu ukakula ankauzidwa kuti ndi poizoni amene akutuluka, apirire.

Folic acid wambiri amachita chinthu choopsa mwa munthu wosowa B12: amakonza kuchepa kwa magazi, kumene kukanakhala chenjezo loyamba, pamene mitsempha ya mumsana ikupitiriza kuonongeka. Choncho pepala la magazi a mayiwa linkaoneka labwino. Pamene ankafika kwa ife ankayenda atatangadza miyendo, maso ali pansi, ndipo mumdima ankagwa chifukwa mapazi sankawauzanso pamene nthaka ili. Kachitsulo konjenjemera kamene timaika pa kakolo sanakamve n'komwe. B12 wawo anali pansi kwambiri. Jakisoni anakweza mlingowo, mphamvu zinabwerera, kutentha kwa mapazi kunachepa, koma kayendedwe kawo sikanabwererenso mwakale, pakuti mtsempha umene wakhala nthawi yaitali wopanda chikuto chake, chimene chimafuna B12, suchira wonse. Chondipweteka n'chakuti wogulitsa uja anayandikira choonadi mwangozi, popeza methylation ya mayiwa inalidi yaima; koma inaima chifukwa cha vitamini mmodzi amene kuyeza magazi kamodzi kokha kukanamuulula miyezi yambiri m'mbuyomo, ndipo mabotolo ake ndi amene anaphimba chizindikiro chake.

Chiwindi chimasunga B12 wa zaka zingapo, n'chifukwa chake vutoli limabwera mwakachetechete. Amene ayenera kukhala tcheru ndi omwa metformin, omwa omeprazole wochepetsa asidi m'mimba ndi mankhwala onga ameneyu kwa nthawi yaitali, okalamba, amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba, osadya chilichonse chochokera ku nyama, ndi amene chitetezo cha thupi lawo chaononga mbali ya chifu imene imathandiza kuyamwa vitaminiyu.

Anthu amaganiza kuti vitamini sangapweteke munthu, koma B6 wochuluka amaononga mitsempha yomweyo imene akuti akuichiritsa, ndipo zimenezi zinalembedwa m'magazini ya New England Journal of Medicine kale mu 1983. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu osafika awiri patsiku. Ku America malire ndi mamiligalamu 100, ndipo mu 2023 bungwe la ku Ulaya loona za chakudya la EFSA linatsitsa malire ake kufika pa 12, koma wina amamwa mabotolo atatu osaphatikiza manambala. Izi sizikukhudza amene akumwa isoniazid wa chifuwa chachikulu ndipo apatsidwa pyridoxine (dzina lina la B6) kuchipatala, amenewo asasiye. Mapiritsi a SAM, ogulitsidwa ndi dzina la SAMe, nawonso amatha kulimbana ndi mankhwala a matenda a maganizo, ndiponso kudzutsa kusakhazikika mwa odwala bipolar, matenda osinthasintha pakati pa kukhumudwa kwambiri ndi kusangalala mopitirira muyeso. Amene ali pa methotrexate, mankhwala a nyamakazi ndi khansa, asasinthe kamwedwe ka folic acid popanda dokotala wawo.

Ndipo pali ululu umene sufuna kukambirana za mavitamini mpang'ono pomwe. Msana umene umapweteka kwambiri usiku munthu atagona, kuwonda kosadziwika chifukwa chake, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ululu watsopano mwa munthu amene anadwalapo khansa, zonsezi zikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha m'fupa la msana, khansa imene yafalikira, kapena mafinya. Miyendo ikayamba kufooka, pakati pa miyendo pakachita dzanzi, mkodzo ukakana kutuluka kapena ukamatuluka wokha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha yopanikizika imawerengedwa maola, osati masabata.

Zoopsa zimenezi zikachotsedwa, m'pamene chithandizo choona munthu yense chimayamba kugwira ntchito, ndipo ine ndimachilimbikitsa kuposa mapiritsi. Ululu umatchedwa wokhalitsa ukapitirira miyezi itatu. Mu 1983 Clifford Woolf anasonyeza kuti mitsempha ya mumsana ikalandira mauthenga a ululu mobwerezabwereza imasintha n'kuyamba kumva mopitirira muyeso, ngati galu amene anaopsezedwapo ndipo tsopano amauwa ngakhale tsamba likagwa. Ululu wotere ndi weniweni, si wongoganiza, koma gwero lake silikhalanso pa chilonda choyamba chija, ndipo n'chifukwa chake tulo, mantha, nkhawa ndi kusayenda zimaukulitsa.

Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE la ku England a mu 2021, okhudza ululu wokhalitsa wopanda matenda ena oufotokoza, anaika patsogolo masewera olimbitsa thupi oyang'aniridwa, uphungu wa zamaganizo wotchedwa CBT kapena ACT, ndi acupuncture (kubaya tisingano pakhungu) ya nthawi yoikika, ndipo analangiza kuti munthu asayambitsidwe mankhwala a gulu la morphine, paracetamol kapena ibuprofen pa ululu wa mtundu umenewu. Mu 2023 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a msana wopweteka kwa nthawi yaitali: linavomereza kuphunzitsa wodwala za matenda ake, masewera, kusisita thupi ndi CBT, ndipo linakana malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndi mankhwala a gulu la morphine. Masewera oyendetsa thupi mwapang'onopang'ono a tai chi anathandiza odwala fibromyalgia, matenda opweteketsa thupi lonse, m'kafukufuku wa mu 2010, ndipo yoga ili m'malangizo a American College of Physicians a mu 2017 okhudza msana wopweteka. Ndinene mosabisa kuti phindu la chilichonse mwa zimenezi ndi lapakatikati. Palibe chimene chimafufuta ululu, ndipo wolonjeza kukuchiritsiranitu m'masabata awiri akunama.

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri pa masewera ndi chakuti munthu akadzuka bwino tsiku lina amagwira ntchito zonse zimene zinatsalira, kenako n'kugona masiku angapo, n'kunena kuti kuyenda kumamuonjezera ululu. Njira yake ndi kupeza mlingo umene mungaukwanitse ngakhale pa tsiku loipa, kuyambira pansi pake pang'ono, ndi kuonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, osatengera mmene mwadzukira. Kupweteka pang'ono poyamba si chizindikiro chakuti mwavulala. Nthawi yogona ndi yodzuka ikhale imodzimodzi, ndipo mowa uchepe, chifukwa umasokoneza tulo, umachepetsa folate, komanso umaononga mitsempha ya kumapazi mwachindunji.

Pa za methylation yeniyeniyo, anthu ambiri amapeza zonse zofunika m'masamba obiriwira, nyemba, mazira, mkaka, nsomba ndi nyama. Amene ali ndi dzanzi, kutentha kwa mapazi kapena kudzandira apemphe kuyezedwa B12, shuga, kagwiridwe ka impso ndi ka chithokomiro, ndipo magazi atengedwe asanayambe kumwa mavitamini, popeza B12 wa m'botolo amakweza nambala ya m'magazi n'kusokoneza zotsatira. Ngati mwayamba kale kumwa, tengani mabotolo onse popita kwa dokotala, ngakhale amene mukuchita nawo manyazi, kuti awerenge yekha zolembedwapo ndi kuphatikiza mamiligalamu a B6 ndi a folic acid amene mwakhala mukumeza patsiku.