Rumour si bodza ayi

M'minibasi yochokera ku Limbe, mayi ena anati mafuta asowanso sabata ino. Mnyamata wina kumbuyo anawadula pakamwa: "Mayi, imeneyo ndi rumour, bodza lenileni." Ambirife timaphonya pomwepa, ndipo tinayamba kalekale.

Rumour ndi mphekesera, nkhani yongoyenda pakamwa pa anthu, yopanda mwiniwake, yomwe palibe waitsimikiza. Liwuli siligamula kuti nkhaniyo ndi yoona kapena yonama. Mawa mukakapeza mzere wa magalimoto wafika mpaka mumsewu ku Chichiri, ndiye kuti mphekesera ija yapherezeka. Bodza pa Chingerezi ndi lie, ndipo wolinena amadziwa mumtima mwake kuti akunama. Wofalitsa mphekesera amangoti "akuti", kawirikawiri iyenso akuikhulupirira.

Si misechenso. Miseche, yomwe ndi gossip, imakhala yokhudza moyo wa munthu yemwe palibe pamalopo. Rumour ikhoza kukhala ya mtengo wa shuga kapena kugwa kwa kwacha.

Gwero la liwu loti rumour ndi Chilatini, komwe linkatanthauza phokoso kapena zokambakamba za anthu. Kuno timalemba rumour motsatira a ku Britain. Rumor mumaiona pa Facebook ija si kulakwitsa, ndi kalembedwe ka ku America.