Kodi nyimbo za ana zimabisadi mbiri?

Mukadutsa pa sukulu za mkombaphala ku Chinamwali kapena ku Matawale mumzinda wa Zomba m'mawa, mumva ana atagwirana manja akuimba Ring a Ring o' Roses, nyimbo ya Chingerezi yotchula maluwa, kuyetsemula ndi kugwa pansi, kenako onse n'kudzigwetsa pansi uku akuseka. Makolo ena tsopano akuda nayo nkhawa nyimboyi. Amva kuti ikunena za mliri umene unapululutsa anthu ku London mu 1665. Akuti maluwa ofiirawo ndi zilonda za pakhungu, kuyetsemulako ndi chizindikiro cha nthendayo, ndipo kugwa pansiko ndiyo imfa.

Ife ophunzitsa nthano ndi nyimbo zamakolo timayamba ndi funso limodzi: nyimboyo inaoneka liti m'buku koyamba? Ku England iyi inasindikizidwa mu 1881, m'buku la Kate Greenaway, patapita zaka zoposa 200 mliriwo utatha. Nkhani yoti ikunena za mliri inayamba kumveka nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha. Ndiye kuti kwa zaka pafupifupi 300 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa chinsinsicho? Komanso m'madera ena ankaimba popanda kuyetsemula, ndipo kwina ana ankangowerama kapena kunjuta, osagwa. Chizindikiro chachikulu cha mliri uja chinali zotupa za m'khwapa ndi m'mphechepeche, zomwe m'nyimbomo mulibe.

Ya Humpty Dumpty, nyimbo inanso ya ana ya Chingerezi yonena za wina amene anagwa pakhoma n'kusweka, ndiye yoseketsa. Ikuoneka kuti inayamba ngati ndagi chabe, yankho lake dzira. Mu 1956 pulofesa David Daube analemba mongocheza kuti Humpty Dumpty chinali chida cha nkhondo, anthu n'kuitola nkhaniyo ngati yoona.

Sikuti nyimbo sizisunga mbiri ayi. Zimasunga, koma kawirikawiri sizinong'ona, zimatchula nkhaniyo poyera. Konkuno ku Zomba, mu Disembala 1946 chimvula chinagwa paphiri, madzi n'kutsika ndi miyala, kukokolola milatho ndi kupha anthu. Nyimbo ya Napolo imene anaimba abale a Paseli inatuluka anthu oona tsokalo adakali moyo, ndipo safunika katswiri kuti akumasulireni.

Zolemera kwambiri, kwa ine, ndi nyimbo za pamtondo, zomwe ana ankazimva ali kumbuyo kwa amayi awo munsi ukugunda. Zikuzilala chifukwa chimanga tsopano chimangopita kuchigayo. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, pofufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anakhala pansi ndi amayi achikulire n'kumvetsera zimene ankaimba posinja. M'buku lake la 1987 akuonetsa kuti nyimbozo zinasunga mbali ya njalayo imene malipoti a atsamunda sanailabadire kwenikweni: amuna amene ananyamuka kuti akukasaka chakudya, n'kukakhaliratu komweko, mkazi atasiyidwa yekha ndi ana panyumba.