Timabuku ta ana timene tinagula mapiri: Beatrix Potter ndi dera la Lake District

Kumpoto chakumadzulo kwa England kuli dera la nyanja ndi mapiri lotchedwa Lake District. Mafamu ambiri kumeneko akuonekabe monga kale: nyumba za miyala, mipanda ya miyala yosanja popanda simenti, ndi nkhosa zotuwa zikudya m'mapiri opanda waya. Ena mwa mafamu amenewa sanadulidwe mapuloti chifukwa cha Beatrix Potter, mayi amene anapeza chuma chake polemba ndi kujambula timabuku ta ana.

Beatrix anabadwa pa 28 Julayi 1866 ku Kensington, mumzinda wa London, m'banja lolemera. Kusukulu sanapiteko, ankaphunzitsidwa kunyumba. Iye ndi mlongo wake Bertram ankaweta akalulu, mbewa, abuluzi, achule ndi mileme, ndipo nyama ikafa nthawi zina ankaiwiritsa kuti aone kalumikizidwe ka mafupa ake. Luso lake linachokera pamenepa. Kalulu wa m'mabuku ake amavala jekete, koma miyendo yakumbuyo, msana ndi katcheredwe ka makutu n'za kalulu weniweni. Ojambula ambiri amayamba ndi mwana wa munthu n'kumuika makutu aatali. Iye ankayamba ndi nyama, chovala n'kubwera pambuyo.

Asanatchuke, mtima wake unali pa bowa. Anajambula bowa wamitundumitundu mwatsatanetsatane, ndipo mu 1897 pepala lake la kameredwe ka njere za bowa linaperekedwa ku bungwe la asayansi la Linnean Society. Mwini wake sanakhale nawo, poti akazi sankaloledwa pamisonkhano ya bungwelo.

Nkhani yake yotchuka ya kalulu wotchedwa Peter Rabbit inayamba ngati kalata. Pa 4 Seputembala 1893, ali kutchuthi ku Dunkeld ku Scotland, analembera mwana wodwala wazaka 5 wa mphunzitsi wake wakale za akalulu anayi ndi mayi wawo, n'kujambula zithunzi m'kalatamo. Patapita zaka anabwereka kalata ija, nkhaniyo n'kuitalikitsa, koma makampani osindikiza mabuku anaikana. Sanagwe ulesi. Mu Disembala 1901 analipira yekha kusindikiza makope 250, zithunzi zake za inki yakuda kupatula chimodzi chakumayambiriro, ndipo mu Febuluwale 1902 anaonjezera ena 200. Kampani ya Frederick Warne inavomera kulitenga, bola zithunzi zonse zikhale zamitundu. Mu Okutobala 1902 anatulutsa makope 8,000, ndipo chakacho chisanathe anali atafika 28,000.

Beatrix anaumirira kuti buku likhale laling'ono, pafupifupi masentimita 14 m'litali ndi 10 m'lifupi, loti mwana aligwire yekha, komanso lotchipa: lotsika mtengo linali shileni imodzi. Mukalitsegula, tsamba lina lili ndi mizere ingapo ya mawu, linzake chithunzi chimodzi chozunguliridwa ndi malo oyera. Chithunzicho sichibwereza zimene mawu anena kale, chimaonetsa zimene mawu asiya, monga mantha a kalulu wokodwa mu ukonde.

Kusindikiza mitundu kunali ndi zake. Chithunzi cha utoto wa madzi ankachijambula ndi kamera katatu, nthawi iliyonse kudzera m'galasi la mtundu wina, kuti apange zitsulo zitatu zodindira: cha inki yachikasu, yofiira ndi yabuluu. Pepala limodzi linkadindidwa katatu, inki pamwamba pa inzake. Chitsulo chimodzi chikangosendera pang'ono, m'mbali mwa chithunzi mumaoneka mthunzi ndipo diso la nyama limazimirira. Inki imodzi ikachuluka, masamba obiriwira amada. N'chifukwa chake Beatrix ankayang'anitsitsa mapepala oyeserera ndi kulembera osindikiza zofunika kukonza. Ngakhale chiwerengero cha masamba chinkalamula nkhani: mu 1903 zithunzi zinayi zinachotsedwa m'buku la Peter Rabbit kuti papezeke malo a mapepala okongoletsa m'kati mwa chikuto.

Chimene chinalakwika kwambiri chinali cha malamulo. Kampani ya Warne sinalembetse umwini wa bukulo ku America, choncho osindikiza a kumeneko analikopera n'kumagulitsa osalipira kalikonse. Beatrix anatolapo phunziro. Mu 1903 anasoka yekha chidole cha Peter Rabbit n'kuchilembetsa ku ofesi ya boma, ndipo pambuyo pake zinthu zina zokhala ndi nyama zake, monga mabuku opaka utoto, zinkapangidwa ndi chilolezo chake. Timabuku take tating'onoting'ono tinakwana 23.

Chaka cha 1905 chinamusinthira moyo. Mkonzi wake Norman Warne anamufunsira mu Julayi, makolo ake a Beatrix anakana poti mwamunayo anali wamalonda, ndipo mu Ogasiti Norman anamwalira. Chaka chomwecho Beatrix anagula famu ya Hill Top, ya maekala 34, m'mudzi wa Near Sawrey. Mlimi amene anamupezapo sanamuchotse, anaonjezera nyumba kuti banja lake likhalebe. Khomo, dimba ndi masitepe a nyumbayi zimaoneka m'mabuku otsatira. Mu 1913, ali ndi zaka 47, anakwatiwa ndi William Heelis, loya wa ku Hawkshead amene ankamuthandiza pogula malo.

Maganizo oteteza derali anawamva koyamba mu 1882 kwa m'busa Hardwicke Rawnsley, amene mu 1895 anakhala mmodzi mwa oyambitsa National Trust, bungwe losamalira malo okongola ndi nyumba zakale. Maso atayamba kufooka, Beatrix anachepetsa kujambula n'kulowa ulimi ndi mtima wonse. Mu 1923 anagula famu yaikulu ya Troutbeck Park, ndipo mu 1930 anagula malo a Monk Coniston, kuphatikizapo nyanja ya Tarn Hows, theka lake n'kuligulitsa ku National Trust.

Apa nkhani yagona pa nkhosa za mtundu wa Herdwick. Zimabadwa zakuda, zikamakula thupi limatuwa, nkhope n'kuyera. Ubweya wake ndi wokhakhala, wamtengo wotsika, koma zimapirira mvula ndi chipale. Chofunika koposa n'chakuti nkhosa iliyonse imadziwa chigawo chake cha phiri, imachiphunzira kwa make ikadali mwana, ndipo sichoka ngakhale palibe mpanda. Mukagulitsa gulu lonse n'kubweretsa lachilendo, chidziwitso chimenechi chimatha, ndipo pamafunika zaka zambiri mbusa akuzilondola kuti chibwerere. Choncho kumeneko nkhosa zimapita limodzi ndi famu: mlimi wobwereka amalandira gulu la mwini malo, ndipo pochoka amasiya chiwerengero chomwecho. Beatrix anazimvetsa bwino izi. Pamodzi ndi mbusa wake Tom Storey anapambana mphoto m'zionetsero za ziweto, ndipo mu 1943 alimi a Herdwick anamusankha kukhala pulezidenti wa bungwe lawo, koma anamwalira pa 22 Disembala chaka chomwecho asanayambe udindowo.

Anasiyira National Trust maekala oposa 4,000 ndi mafamu oposa 10, n'kulamula kuti mafamu a m'mapiri azisungabe nkhosa za Herdwick. Nyumba ya Hill Top inatsegulidwa kwa alendo mu 1946, katundu wake ali m'malo mwake. Koma chuma chamasiye chimenechi sichinasowe mikangano. Mu 2005 bungweli linaganiza zogawa minda ya High Yewdale, imodzi mwa mafamu ake, kwa alimi oyandikana nayo ponena kuti payokha sinkapindulitsa, ndipo anthu ambiri anakwiya kuti zikusemphana ndi chifuniro chake. Ena oteteza zachilengedwe amadandaula zina: akuti nkhosa zachuluka, zikudya mphukira, mitengo ikulephera kumera m'mapiri. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika Lake District pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo ulimi wa nkhosa wa m'mapiriwu unali chimodzi mwa zifukwa zake.