Fungo la thanki ya chimbudzi m'motorhome: pezani kumene likuchokera

Motorhome ndi galimoto yokhala ndi pogona, pophikira, bafa ndi chimbudzi mkati momwemo. Magalimoto otere ndi ochuluka ku America, Britain ndi South Africa. Uthengawu ukupita kwa inu amene mumayenda nawo, komanso inu amene munalembedwa ntchito yowatsuka.

Kunsi kwa motorhome kumakhala thanki ya zochokera m'chimbudzi, ndi ina ya madzi a m'sinki ndi m'bafa. Zonyansazo zikamawola mopanda mpweya zimatulutsa hydrogen sulphide, mpweya wonunkha ngati mazira owola. Wochepa chabe umapweteketsa mutu, kuchititsa nseru ndi kuyabwitsa maso. Ukachuluka kufika pa 100 ppm (magawo 100 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya) umapha mphuno, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha pamene ngozi yakula. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero umakhazikika pansi, pomwe ana amagona ndi kusewera. N'chifukwa chake kupopera mankhwala onunkhiritsa sitikuvomereza. Kumangobisa chenjezo.

Musanaloze chala thanki, dziwani kuti fungo lofananalo limachokeranso kwina. Gasi wophikira amamuthira mankhwala onunkha dala kuti akamadontha mumve. Batire yomwe yatchajidwa mopitirira muyeso imanunkhanso chimodzimodzi, ndipo imatentha. Ngati mukukayika, tulutsani anthu onse, tsekani botolo la gasi, tsegulani zitseko ndi mawindo. Musayatse machesi, fodya ngakhale switchi ya magetsi mpaka wodziwa ntchitoyi ataona.

Ngati ndi thanki ndithu, nthawi zambiri vuto ndi kuchepa kwa madzi. Anthu amaumira madzi pa ulendo, zonyansa n'kuunjikana pansi pa bowo la chimbudzi ngati chulu, n'kuuma. Enanso akafika pamalo ogona pomwe pali paipi yotayira amasiya chotsekera cha thanki chili chotsegula usiku ndi usana. Zamadzi zimapita, zolimba zimatsala, ndipo fungo la m'ngalande ya pamalopo limakwera kulowa m'galimoto. Chotsekeracho chizikhala chotseka. Dikirani thanki idzaze magawo awiri mwa atatu kuti zonse zituluke ndi mphamvu. Yambani kukhuthula ya chimbudzi, kenako ya m'bafa kuti madzi a sopo atsuke paipi. Mukatha, tsukuluzani thanki ya chimbudziyo ndipo thiranimo madzi okwanira kuphimba pansi pake. Isayambe ntchito ili youma.

Kenako onani njira zomwe mpweyawo umalowera. M'mbale ya chimbudzi muzikhala timadzi pang'ono nthawi zonse. Tikamaphwa tokha ndiye kuti labala yotseka pabowo yauma kapena yang'ambika, isintheni. Paipi yokhota ya pansi pa sinki imasunga madzi otchinga fungo, koma amauma galimoto ikakhalitsa osagwira ntchito, kapena amakhuthuka pamsewu wa mabampu. Kapu imodzi ya madzi imakonza zimenezi. Padenga pali paipi yotulutsira mpweya wa m'thanki, yomwe masamba ndi zisa za mavu zimatseka. Ndipo musagujumule chimbudzi fani ya m'bafa ikuzungulira, chifukwa imakoka mpweya wa m'thanki kuulowetsa m'nyumba.

Musanyoze thanki ya m'sinki. Mafuta ndi nyenyeswa za chakudya zikawola, makamaka nyengo yotentha, zimanunkha kuposa chimbudzi. Palani mbale musanazitsuke.

Pa mankhwala m'pamene ambiri amadzivulaza. Musathire Jik kapena bleach wina aliyense m'thanki ya chimbudzi. Akakumana ndi ammonia wa mumkodzo amatulutsa mpweya wowotcha mapapo, ndipo akasakanizidwa ndi viniga kapena mankhwala ena a asidi amatulutsa mpweya wapoizoni wa chlorine. M'kachipinda kothina ngati kameneka munthu akhoza kubanika msanga. Werenganinso zolembedwa pabotolo la mankhwala a m'thanki. Ena ali ndi formaldehyde, yemwe bungwe la padziko lonse lofufuza za khansa la IARC linamuika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 2004, ndipo boma la California ku America linaletsa kugulitsa mankhwala otere a zimbudzi za magalimoto kuyambira mu 2022. Sankhani a ma enzyme kapena a mabakiteriya ogaya zonyansa.

Pokhuthula valani magolovesi, musagwire kumaso, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukamaliza. M'zonyansazi mumatha kukhala tizilombo ta kolera, tayifodi, hepatitis A ndi matenda ena otsegula m'mimba. Paipi yotsukira thanki isagwirenso ntchito yothira madzi akumwa. Tayani pamalo okonzedwera zimenezi pokha, osati mumtsinje, m'ngalande ya madzi amvula kapena pafupi ndi chitsime.

Munthu akamva chizungulire, akamatsokomola kapena kubanika pa ntchitoyi, mutulutsireni panja pomwe pakupita mphepo. Akakomoka kapena kupuma kukamamuvutabe, thamangirani naye kuchipatala, ndipo tengani botolo la mankhwala omwe anagwiritsa ntchito kuti adokotala alione.