Titaniyamu wa 3D akatuluka m'makina sanathe ayi

Funso ili landikwana: "poti chitsulo chatuluka m'makina a 3D chili bwinobwino, kuchiwotchanso n'kwachiyani?" Abale, kunjako kusakupusitseni. Titaniyamu amene timaprinta kwambiri ndi Ti-6Al-4V, muli aluminiyamu 6 pa 100 ndi vanadiyamu 4, yemweyo amapangira zida za ndege ndi zitsulo zoika m'chiuno mwa odwala. Leza imasungunula ufa wa titaniyamu kagawo kamodzikamodzi, ndiye kamazizira mwadzidzidzi moti ma atomu sapeza mpata wokhala bwino m'mizere yake. Pa maikulosikopu mumangoona timasingano tothithikana, ife timati martensite, todzaza ma dislocation, malo omwe mizere ya ma atomu yasokonekera, ngati pa chimanga paja mzere wina wa njere umangothera pakati enawo n'kukhotera pomwepo. Chitsulo chotere kulimba ndiye n'cholimba koma sichilola kupindika, chimangoti phwa.

Chikadali chomatirira pa mbale yomwe chaprintidwira chilowe mu uvuni, madigiri 600 mpaka 700 Celsius, kukokana kwa mkati kuphwe. Mukafulumira kuchidula chimapindika mukuona ndipo sichibwereranso. Pa 800 mpaka 900 martensite uja amasweka kukhala alpha ndi beta, mitundu iwiri ya kasanjidwe ka ma atomu mu titaniyamu, ma dislocation amachepa, mphamvu imatsikako pang'ono koma chimayamba kupirira. Mukapyola cha m'ma 995 tinjere ta mkati timakula mopitirira, mwaononga.

Koma yomwe imandipwetekabe mtima ndi ya kabulaketi kena komwe anakapatsa munthu wozolowera kuwotcha zitsulo wamba, iye n'kukaponya mu uvuni wa mphepo chabe, opanda argon (mpweya wosalimbana ndi chitsulo), opanda vacuum (uvuni wopopedwa mpweya wonse), akuti moto ndi moto basi. Titaniyamu akatentha amamwa okosijeni koopsa, ndiye khungu lake limauma gwa, timati alpha case. Kanabwera kotuwa, eni ake n'kungokapukuta kuti kawale, n'kukamanga. Ming'alu inayambira pakhungu pomwepo kulowa mkati mwakachetechete mpaka kanaduka. Mwayi kanali koyesera, koma ndimaganiza, kakanakhala m'thupi mwa munthu?

Ena akangomva za HIP, kuwotcha chitsulo uku mpweya ukuchipanikiza mbali zonse, amayesa mankhwala a chilichonse. Inde pa madigiri 920, argon akupanikiza pa 100 MPa kwa maola awiri, timabowo ta mkati timatsekeka, koma bowo lotulukira kunja silitsekeka ayi poti mpweya umalowamonso. Wokuwotcherani akupatseni pepala la uvuni loonetsa madigiri, maola ndi mpweya womwe anagwiritsa ntchito, akayamba kuzemba tengani katundu wanu muzipita.